Chitsime cha a Mhango

Ndikagwira tsamba la matimati n'kununkhiza zala, agogo anga aamuna amabwerera onse athunthu: fungo lowawira lija losakanikirana ndi la matope ndi thukuta, kulira kwa chitini chikugunda miyala pansi pa chitsime, ndi mawu awo aukali akukalipira mbuzi, dzuwa, kapena aliyense amene waponda pamzere wawo. Dzina lawo linali a Kachingwe. Anachoka ku Dowa kalekale, anagwirapo ntchito ya ulonda m'tauni, kenako anakhazikika ku Chinsapo, kumene anali ndi dimba kumunsi kudambo. Ine ndi mng'ono wanga tinkakhala nawo chimwalirire mayi athu, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mwathu chinkachokera m'dimba limenelo.

Chaka cha chilala cha 1992 mvula inadula chimanga chisanabereke, anthu n'kuyamba kudya ufa wachikasu. Pofika mwezi wa Okutobala mtsinje unali mchenga wokhawokha, ndipo alimi a m'dambo ankadalira zitsime zokumba pamanja zimene zinkatulutsa madzi pang'onopang'ono ngati zikuchita kuumira. Agogo anazula mpiru ndi repu yense, n'kusiya matimati okha.

"Mpiru umamwa ngati chidakwa, koma kumsika sugula ngakhale sopo," anandiuza. "Madzi tiziwapatsa amene amabweza."

Mtengo uliwonse anaukumbira kabeseni patsinde n'kuphimbira udzu, ndipo ine ndinkathira ndi kachitini, osamwaza, osadontheza m'njira. Ukataya ngakhale pang'ono, dambo lonse linkadziwa dzina lako. Matimati amenewo ndiwo anali chimanga chathu cha miyezi ya njala imene inkabwera.

Dimba loyandikana ndi lathu, chakumunsi pafupi ndi nthochi, linali la a Mhango, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki. Munthu ameneyu ankathirira mbewu atavala shati ya kolala, mabatani onse otseka. Agogo ankawatchula kuti a Kalaliki, iwo n'kumayankha kuti Dada Kachingwe. Ankakangana tsiku lililonse, za manyowa, za kutalikana kwa mapando, za amene anayamba kufika kudamboko, koma dzuwa likafika pamutu unkawapeza pansi pa nthochi akugawana mbatata imodzi.

Kenako a Mhango anaitana anyamata n'kukumbitsa chitsime chawo mozama. Zitsime ziwirizo zinali zoyandikana, ndiye madzi a m'chitsime chathu anathawira kwawoko. M'mawa mwake agogo atatsitsa chitini, chinakwera ndi matope. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana a Mhango amene ankathirira uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukutupa.

"A Kalaliki! Mwandibera madzi masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Dada, madzi ndi a Chiuta, ine ndangowatsata kumene apita," anayankha a Mhango, kumaseka.

Kusekako ndiko kunawononga zinthu. Agogo anaponya chitini pansi n'kukuwa, dambo lonse likumva:

"Dzenje lakuya chonchi mwakumbali, mulowamo nokha!"

Amayi amene ankachapa pamwala anasiya kuchapa. Ine ndinali ndi zaka khumi zokha, koma ndinadziwa kuti mawu otero sanenedwa kwa munthu wamoyo.

Madzulo a tsiku lomwelo a Mhango anagwa pakhonde la nyumba yawo akuvula nsapato. Anathamangira nawo kuchipatala, koma sanadzukenso. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anthu a ku Chinsapo anamva zimenezo n'kugwedeza mitu, kenako n'kumayang'ana kunyumba kwathu.

Kwathu kuno maliro akagwa, pamsewu pamaikidwa masamba, ndipo khasu limagona. Palibe amene amapita kumunda mpaka mwambo utatha, chifukwa wolima anzake akulira amakhala ngati akuti wamwalirayo si munthu. Kwa ena mlandu wake unkatha ndi kupepesa. Kwa agogo, ndi mawu amene ananena aja, kuoneka kudimba ali ndi chitini m'manja kukanakhala kuvomera zonse zimene anthu ankanong'onezana. Ndiye anavala jekete lawo lakuda, kutentha konse kuja, n'kukakhala pa benchi pakati pa azibambo, pamalo poti aliyense aziwaona. Amene anali pafupi nawo anasendeza pang'ono, ngati akufuna mpweya.

Maliro aja anatalika. Thupi linali kuchipatala, achibale ankadikiridwa kuchokera kumpoto, ndipo galimoto yoti inyamule bokosi kupita ku Rumphi inkasowa. Amayi a mpingo ovala zoyera ankaimba nyimbo za Chitumbuka m'nyumba, utsi wa nkhuni zaziwisi unkayabwa m'maso, ndipo ife atsikana tinkatsuka mbale kuseri. Kumeneko n'kumene ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Olo akhale pabenchipo mpaka mawa, ife tinamva ndi makutu athu." Koma maso anga anali kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo ndinkadziwa chimene dzuwa limenelo linkachita ndi matimati amene anali atangoyamba maluwa.

Ndinapeza mpata agogo akupita kukasamba m'manja.

"Agogo, ndipite ndekha kudimba. Ndine mwana, palibe amene andione. Ndikapale timadzi totsala tija."

"Ukatsikira kumeneko ndi chitini, ndiye kuti ndatsikira ndine," anayankha osandiyang'ana.

"Koma matimati afa, agogo. Tidzadya chiyani?"

"Bwerera ku mbale zako, Tiyanjane."

Mawu awo anali otsika, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa kwawo konse.

Lole itapezeka, bokosi linakwezedwa, nyimbo zinalowera kumsewu waukulu, anyamata n'kuchotsa masamba aja. Mayi NyaChirwa, akazi a malemuwo, anadutsa pafupi ndi agogo atagwiriziridwa ndi anzawo, koma sanatembenuke. Fumbi la lole lisanakhazikike, ife tinali kale panjira ya kudambo.

Matimati athu, poti anali pamtunda, anali atazyolika onse, maluwa atayoyokera pa udzu. A a Mhango, pansi pa mthunzi wa nthochi, anali ofota koma amoyo, tizipatso tobiriwira tili lendelende. Chitsime chathu chinali matope ong'aluka. Chawo chija, poti chinapuma masiku onsewo, madzi ankanyezimira pansi pake. Tonse tinkadziwa kuti chinkatulutsa okwanira dimba limodzi lokha patsiku. Alimi ena anali atafikanso m'madimba awo, ndipo aliyense ankagwira ntchito diso limodzi lili kwa ife.

"Eni ake apita, agogo," ndinanong'ona. "Titunge timwetse athu."

Agogo anayenda mzere ndi mzere m'dimba lathu, kutsina tsinde apa, kufukula dothi apo. Kenako anatola chitini, kutunga m'chitsime cha a Mhango, n'kuyamba kuthirira matimati a a Mhango.

"Athuwa ukawamwetsa adzuka theka, ndipo maluwa agwa kale," anatero. "Awa zipatso zilipo. Chitini chimodzi apa chibweza dengu."

"Koma si athu!"

"Madzi sadziwa dzina la mwini dimba. Bweretsa kachitini kako."

Ndinene zoona, tsiku limenelo agogo ndinawada. Ndinathirira ndikulira, ndikuyang'ana kumtunda kumene chakudya chathu chinkauma. Masabata otsatirawo tinkadya kamodzi patsiku, ndipo agogo ankati akamaliza kuthirira m'mawa ankapita kukaswa miyala paganyu, munthu wamkulu ngati ameneyo, n'kubwera zala zili zilonda. Ngakhale timati limodzi la m'dimba lija silinalowe mumphika wathu.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti mkangano wawo sunathe. Ankathirira uku akukalipa.

"Taonani, a Kalaliki, ndinakuuzani kuti musathithikanitse mapando. Kubzala ngati mukulemba m'failo! Ndiye mitengo yogwiriziza mwamangira ndi chiyani ichi, chingwe cha nsapato?"

Akatero ankaima kaye pang'ono, ngati akudikira yankho, kenako n'kupitiriza mzere wina.

Matimati atayamba kufiira, mayi NyaChirwa anabwerako ku Rumphi. Anatsikira kudambo m'mawa wina, atavala zakuda, mpango utamangidwa pamutu wometa. Amayi a pamwala aja anasiyanso kuchapa. Mayiwo anayang'ana dimba lawo lobiriwira, anayang'ana mapesi ouma a kwathu, kenako anatembenukira kwa agogo.

"Dada Kachingwe, mawu amene munanena tsiku lija ndinawamva."

Agogo anavula chipewa. "Ndinanenadi, amayi. Sindikana."

"Sindinamve kwa anthu ayi. Amuna anga anandiuza okha, atafika kunyumba, akuseka mpaka misozi. Anati, 'Dada Kachingwe wakwiya zoona lero. Mawa ndilawirira ndi anyamata aja, tikamukumbire chake chifanane ndi changa, asanandimeze.' Chingwe ndi piki zili kuseri kwa chitseko, mmene anazisiyira."

Agogo anakhala pansi pomwepo pamzere, m'matope, chipewa chili m'manja. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo mapewa awo ankagwedezeka ngati a mwana.

Mayi NyaChirwa anatigawira matimati aja, ndipo njala ya chaka chimenecho tinaiwoloka movutikira. Chingwe chija agogo anakachitenga, chitsime chathu anachikumba, madzi anapezeka. Koma kuyambira pamenepo dzuwa likafika pamutu ankakhala okha pansi pa nthochi, n'kunyema mbatata pakati mwachizolowezi.

Lero ndimakhala ku Area 25, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi matimati m'zidebe amene ndimathirira patsinde ndi madzi otsukuluzira mbale. Ana anga amandiseka kuti ndimawerengera madontho. Koma chimene ndinatengera kwenikweni kwa agogo ndi lilime lawo. Likayamba kutentha, munthu amene ndimamukonda ataima patsogolo panga, ndimakumbukira chingwe chili kuseri kwa chitseko, kudikira m'mawa umene mwini wake sanauone, ndipo ndimatseka pakamwa.