Woyimba amene ankati zima

Ine nyimbo za m'mawa sindigwirizana nazo. Munthu ukangodzuka mutu umafuna bata. Koma m'zaka za m'ma 1990, tikukhala kunja kwa dziko lathu, kudera lotchedwa Lozells, ndinalibe chonena pa nkhaniyi chifukwa galimoto sinali yanga.

Ntchito ndinkagwira ku Wolverhampton, kunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Shifiti inkayamba molawirira, ndipo amene ankatitenga anali mnzathu wa kuntchito, mzungu wa ku Ukraine wandevu zotuwa, mwini vani yakale yonunkha dizilo. Kutsogolo ankakhala ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene anabwera kudzawonjezera maphunziro n'kumagwirako ganyu. Ine ndinkakhala kumbuyo pamodzi ndi tayala.

Popanda vaniyo ntchito ikanatha. Ndinali nditayambana kale ndi munthu amene ankatitenga poyamba, pa nkhani ya fodya. Mkazi wanga sanapite m'mbali.

"Bambo, mukakangananso ndi uyu, ku Wolverhampton muzipita wapansi. Pakamwa panupo sipadyetsa ana."

Ndinamvera. Kenako kunabwera kaseti.

Mwini vani uja anatumiziridwa kasetiyo ndi mlongo wake kuchokera kwawo. Chinali chimbale choyamba cha mtsikana wina woyimba, ndipo akuti chinkagulidwa ngati zitumbuwa pa sukulu. Mumsika ndi chomwecho, m'basi ndi chomwecho, pa ukwati ndi chomwecho. Chimene chinkamunyaditsa mkuluyo n'choti mtsikanayo ankayimba m'chilankhulo chawo, dziko lawo litangoyamba kudziyimira palokha. Zimenezo ndinazimvetsa. Chimene sindinamvetse n'choti kaseti ikafika kumapeto ankaitembenuza, ikatha ankaitembenuzanso, popita ndi pobwera, tsiku ndi tsiku, ngati kulibe woyimba wina padziko.

M'mawa wina wozizira koopsa chotenthetsa m'galimoto chinakana. Zala zinauma, mutu ukuwawa, sipika ikulira pafupi ndi khutu langa. Ndinapirira mpaka titalowa mumsewu waukulu. Kenako zinandikwana, ndinawakalipira alamu m'Chichewa:

"Zima chinthucho, iwe. Zima! Zima!"

Mzunguyo anapatukira m'mbali n'kuima. Mumtima ndinati basi, zanga zada. Koma atatembenuka, maso ake anali ndi misozi.

"Mawu amenewo wawadziwa bwanji?" anandifunsa m'Chingerezi.

Kani kwawo zima ndi nyengo yachisanu. Ndipo ndi mawu omwewo amene mtsikanayo ankabwereza m'nyimbo imeneyo, kungoti ine ndinali ndisanamvetserepo. Mkuluyo anaganiza kuti Mmalawi wa kumbuyo uja wagwidwa mtima, wayamba kuthirira mang'ombe. Anakweza mawu a wailesi mpaka magalasi kunjenjemera, akundikodola kuti tiyimbe limodzi.

Alamu anatembenuka, nkhope ili gwa ngati ali m'tchalitchi.

"Alamu, Mulungu wakukondani lero. Ingoyimbani."

"Ndiyimbe chiyani?"

"Zomwe mwayambazo. Ndikanena kwa achemwali kuti mwataya vani, mugona pakhonde."

Koma ine kunamizira sindikutha. Ndinamugwira mzunguyo paphewa, anatsitsa wailesi, ndipo ndinamuuza zoona: kwathu zima ndi kuthimitsa. Moto timazima, nyali timazima, ndipo ine ndimafuna kuti mtsikana wakeyo azimidwe.

Alamu anayamba kuyang'ana panja, ndikhulupirira ankafunafuna siteji ya basi.

Kenako mkuluyo anaphulika ndi phwete. Anaseka mpaka kumenya chiwongolero, hutala n'kulira.

"Ndiye kuti masiku onsewa mwini wakeyo wakhala akupempha yekha kuti timuzime?"

"Wakhala akupempha," ndinatero. "Inu ndinu simumva."

"Mkazi wanganso amatero, koma alibe chilankhulo chomuikira kumbuyo."

Tinagwirizana pomwepo, injini ikulira: popita bata, pobwera kaseti. Kuntchito mkuluyo anafotokozera aliyense, mpaka kapitawo ankati akafuna kuthimitsa magetsi ankandiyang'ana kaye n'kufunsa ngati ndalola.

Madzulo amenewo, thupi litatopa koma mutu uli bwino, ndinamvetsera chimbalecho kwa nthawi yoyamba. Mtsikanayo ankatha kuyimba, ndisaname. Pofika ku Lozells ndinali ndikugwedeza phazi pa tayala paja. Potsika mkuluyo anatulutsa mutu pawindo.

"Mawa nthawi yomweyo," anatero.