A Pauda ndi Pikapu Yodontha Oyilo

Kuseri kwa sitolo yogulitsa zitsulo kuli kanjira kolowera ku shedi ya malata, ndipo m'shedimo muli dzenje loti galimoto iziima pamwamba, munthu ali pansi. M'dzenje limenelo ndi momwe a Pauda akhalitsa kuposa m'nyumba mwawo. Dzinali si lobadwa nalo. Anawapatsa ndi mayi wa pagolosale, chifukwa bambowa ankabwera pafupipafupi kudzagula pauda wa makanda, chonsecho kwawo kunalibe khanda. Mayiyo atatopa n'kudzifunsa, tsiku lina anawalondola mpaka kushedi, n'kuwapeza akuwaza paudayo pa injini ya minibasi. Kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi.

Ali mnyamata ankatsuka galimoto pamalo omwetsera mafuta, kenako anakhala wothandiza dalaivala wa lole. Ulendo wina bawuti ya pansi pa injini inathothoka ali pakati pa njira, oyilo yense n'kuthera mumsewu, injini n'kugwirana. Anagona pomwepo akulondera katundu, masana n'kumaonerera makanika yemwe anabwera kudzamasula injiniyo. Lole itadzuka, iwo sanaikwerenso, anatsata makanika uja. Ntchito zina zonse anaphunzira ngati anzawo, koma mtima wawo unakakamira pa chimodzi, kufufuza pomwe oyilo akutulukira.

Amakanika anzawo ankawaseka kuti ngozengereza. Galimoto ikabwera ikudontha, iwo sankathamangira sipanala. Ankayamba atsuka injini yonse ndi palafini ndi burashi, kuisiya iume, kuwaza pauda, kenako n'kuiliza. Oyilo watsopano akangotuluka ankalemba kamzere kakuda pa pauda woyerayo. Ankati oyilo ali ngati mphekesera, pomwe waimvera si pomwe yayambira. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde, ndipo lamulo lawo linali loti ovololo isalowe m'nyumba. Mphatso ya ana sanaione, achibale anayankhula mpaka pakamwa kuuma, awiriwo n'kungokhala momwemo.

A Pauda anali ndi mkulu wawo, munthu wamanzere, wachangu, wosakonda kufunsa. Mkuluyo anali ndi pikapu yakale yomwe ankanyamulira mazira kuchoka kwa oweta nkhuku kupita m'masitolo. Ankaikonza yekha ndi waya, mphira ndi chilichonse chomwe dzanja lagwira, ndipo kushedi kwa mng'ono wake sanaibweretseko n'kamodzi komwe. "Iwe ungandisungire galimoto mpaka mazira kuswa anapiye," ankatero. Atamwalira, achibale pogawana katundu anaisiya pikapuyo chifukwa sinkalira, ndiye inatsala ndi mkazi wa malemuyo. Mayiyo anaigulira batire, anaphunzira kuyendetsa, n'kupitiriza geni ya mazira. Ndi a Pauda ankangoonana pamaliro ndi paukwati.

M'mawa wina pikapuyo inakhotera m'kanjira kaja, n'kuima pakhomo pa shedi ikununkha oyilo wopserera. Mayiyo anatsika atagwira kachigubu ka oyilo.

"Alamu, galimoto ya achimwene anuyi yandiyambanitsa ndi eni nyumba," anatero asanamalize n'komwe moni. "Angoika simenti pabwalo, ndiye m'mawa uliwonse amapeza chithaphwi chakuda. Akuti ndisankhe, ichoke iyo kapena ndichoke ine."

"Oyilo mumathira kangati, alamu?"

"Ndimangothira ngati ndikuthirira mbewu. Ku galaja ya kumsewu waukulu andiuza kuti ndi silo, kamphira kotchinga oyilo kumbuyo kwa injini, ayenera kutsitsa giyabokosi. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu, olo malemu akwiye komwe aliko."

A Pauda anatsegula boneti. Injini sinkaoneka. Oyilo ndi fumbi zinali zitaumbana ngati matope, kuyambira pamwamba mpaka kunsi. Analowa m'dzenje n'kuona kuti madontho akugwadi pomwe injini ikumana ndi giyabokosi, monga a ku galaja aja ananenera. Anangotenga palafini.

Alamu awo anakana kupita kunyumba. Anakhala pa tayala lakutha n'kumaimbira foni a masitolo kuti mazira afika mawa. A Pauda anapala matope aja ndi kachitsulo, kutsuka, kupukuta ndi sanza. Litsiro likamachoka, ntchito za mkulu wawo zinayamba kuonekera. Guluu wofiira anali atapakidwa mozungulira chivundikiro cha pamwamba pa injini, wochuluka ngati jamu wa pa buledi wa mwana wadyera. Mabawuti anali osiyanasiyana, ena aatali, ena otengedwa ku bedi. Mapaipi anali omangidwa ndi waya, ndipo waya aliyense anapotedwa chakumanzere. A Pauda anaima pang'ono akuyang'ana mapotedwewo, kenako anapitiriza kutsuka.

Injini itauma, anawaza pauda paliponse, mpaka kuseri komwe dzanja limalowa movutikira. Anauza alamu awo kuti ailize aisiye izingolira, iwo n'kutsika m'dzenje ndi tochi.

Kamzere koyamba kanachokera pamwamba, kumbuyo kwa chivundikiro chija. Oyilo ankatsetsereka kuseri kwa injini mpaka kukafika pa giyabokosi, n'kumadontha pamenepo ngati ndi pomwe watulukira. Kamzere kachiwiri kanachokera pa kaswichi komwe kamayatsa nyali ya oyilo. Kachitatu kanaonekera kutsogolo, kuseri kwa gudumu loyendetsa lamba. A Pauda sanakondwere. Injini yakale imadontha, inde, koma kutulukira malo atatu nthawi imodzi, ndiye kuti pali china chikukankha oyiloyo kuchokera m'kati.

Anatuluka m'dzenje, n'kumasula chitsekero cha pothirira oyilo injini ili chilirire. Mpweya wotentha unawafwentherera m'dzanja. Injini ikakalamba, utsi wina umathawira kunsi komwe kumakhala oyilo, ndipo pamakhala paipi yoti utsiwo uzitulukira. Anailondola paipiyo ndi zala mpaka kumapeto kwake. Inali yotsekedwa ndi kamtengo kosemedwa bwino, komangidwa ndi waya mwamphamvu. Anadula wayayo ndi pulayala, n'kukazula kamtengoko.

"Alamu, tazimitsani. Ichi mukuchidziwa?"

Mayiyo anatsika, anakatembenuza kamtengoko m'manja, n'kuseka pang'ono.

"Mpini wa mopu wanga uwu. Paipi imeneyo inkalavula oyilo, ndiye Lamlungu lina anangoti aitseke pakamwa. Anadula mpini osandiuza. Ndinakolopa chowerama mwezi wathunthu, iwo akuti mopu wafupika wokha."

"Munthu mukamutseka mphuno apumira pakamwa," anatero a Pauda. "Iyi inapumira m'magasiketi."

Anaponya kamtengoko m'diramu la zinyalala. Atapita kukatenga masipanala, alamu awo anakatola, anakapukuta ndi pepala, n'kukaika m'chikwama. A Pauda anaona, n'kubwerera ku injini.

Ntchito inatsala inali ya manja. Anatsuka paipi ija mpaka mpweya kudutsa, n'kuilumikiza pamalo pake. Kavavu kake, kotsegula ndi kutseka njira ya utsi, kanali katafa kalekale, ndipo n'komwe kanachititsa kuti izilavula oyilo. Anakapeza kena kwa wogulitsa zida za galimoto zophwasula. Chivundikiro atachichotsa anapeza gasiketi, mphira yotseka mpata pakati pa chivundikiro ndi injini, itaphwatalala, milomo ya chivundikirocho itapindika chifukwa cha kumangitsa mabawuti. Mkulu wawo ankakhulupirira kuti chodontha chilichonse chimafuna kumanga kwambiri. Anachigoneka pa thabwa, n'kuwongola milomoyo ndi kahamala pang'onopang'ono, kupala guluu yense wofiira, kuika gasiketi yatsopano, n'kumanga mabawuti modumphadumpha, mosalimbitsa. Kaswichi anasintha. Silo ya kutsogolo inafuna kuchotsa ladiyeta, ndiye inadikira m'mawa mwake.

Atamaliza zonse anatsukanso, kuwazanso pauda, n'kuuza alamu awo kuti akazungulire nayo mpaka itenthe. Itabwerako, pauda anali woyerabe, kupatula kumbuyo kuja komwe kunali kachinyezi ngati thukuta.

"A ku galaja aja sananame kwenikweni," anatero a Pauda. "Silo ya kumbuyo yatopadi, koma ikungonyowa. Musaitsitsire giyabokosi lero. Tsiku lomwe kilachi idzathe, giyabokosi idzatsikabe, tidzasinthira limodzi."

Usiku umenewo pikapu inagona kushedi, pansi pake atayala katoni. M'mawa panali kadontho kamodzi ngati diso la nkhuku. Mayiyo anakaonetsa eni nyumba katoniyo, ndipo anagwirizana zoti aziika chilata chamchenga pansi pa injini. Chithaphwi chakale chija anachikwecha ndi sopo wa ufa masiku angapo, koma banga silinachoke lonse. Kwa a Pauda mayiyo anasiyako thireyi ya mazira ong'aluka, omwe masitolo amakana. Akazi awo anati aka n'koyamba ntchito ya kushedi kubweretsa kanthu kosanunkha.

Kilachi inadzatha nyengo ya mvula, silo ija n'kusinthidwa monga ananenera. Kuyambira pamenepo mayiyo ankaima kushedi akamadutsa, nthawi zina popanda vuto lililonse, kungoti alamu amvetsere kaliridwe ka injini. Za malemu sankakamba kawirikawiri. Akakamba, inkakhala nkhani ya zinthu zomwe anaononga pozikonza: wailesi, chitseko cha kubafa, njinga ya mnansi.

Pikapuyo sinafe ndi injini. Chitsulo cha pansi chomwe chimanyamula galimoto yonse chinadyeka ndi dzimbiri, tsiku lina n'kuthyoka pa bampu, mazira ali odzaza kumbuyo. Owotcherera anati palibe pogwira. Mayiyo anagulitsa thupi lake kwa ogula zitsulo, anatsegula kashopu ka mazira pafupi ndi msika, oweta nkhuku n'kumamubweretsera okha. Injini anaigula mlimi wina wa masamba kunja kwa tauni, n'kuimangirira pa pampu yokokera madzi. A Pauda anapitako kamodzi pa njinga kukasintha fyuluta. Anaipeza ili pa mitengo iwiri m'mbali mwa munda, ikulira, dothi la pansi pake lili louma.