Dzanja limene amayi anandimanga

Ine ndinabadwa wamanzere. Amene amandidziwa lero sakhulupirira, poti ndimalemba ndi lamanja, kudya ndi lamanja, ngakhale pa khasu ndimatsogoza lamanja. Koma amayi anga akudziwa bwino lomwe zimene anachita.

Kwathu kwa Nsamala, m'nyumba ya Chisilamu ngati yathu, dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake, ya kuchimbudzi. Kudyera, kulandirira chinthu kapena kupatsira moni ndi mwano. Choncho ndili wamng'ono, nthawi ya chakudya amayi ankalimangirira kumbuyo ndi kansalu. Ndikaponya mwala ndi manzere, mthiko unkandipeza pa zala. Pomayamba sukulu n'kuti nditawongoka, amayi n'kumanyadira kwa anzawo kuti mwana wawo amuchiza.

Ndili sitandade sikisi, msuweni wanga, mwana wa atsibweni, anabwera kuchokera kwa Kawinga kudzaphunzira ali kwathu. Nayenso anali wamanzere, koma wosachizidwa. Tsiku loyamba lomwelo anapisa manzere m'mbale ya nandolo. Ndinayang'ana amayi, kudikira mthiko. Amayi anangotsokomola.

"Amayi, kodi simukumuona?" ndinafunsa.

"Iwe idya," anatero. "Uyu ndi mwana wa eni, mbumba ya kwa Kawinga. Ndikam'menya ndikawauza chiyani alamu anga?"

Nsanje yanga inayambira pa mbale imeneyo.

Chaka chomwecho pasukulu pathu panabwera mphunzitsi wa ku Japan ndi chikwama cha zinthu zachilendo: timipira tolimba ngati mapapaya osakhwima, magolovesi achikopa, ndi ndodo yonga chibonga. Masewerawo anati ndi besibolo. Wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Pa makona tinkaikapo matumba a feteleza odzaza mchenga.

Mvula ikatitsekera m'kalasi, mphunzitsiyo ankatifotokozera m'Chichewa chake chotsimphina za mpikisano wa besibolo wa ana a dziko lonse lapansi. Ana a kwawo ku Asia anali atapambana kambirimbiri, a ku America chimodzimodzi. Ife a ku Africa ankangotiphatikiza ndi a ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri palibe mwana wa kuno amene anapondako, mpaka ana a ku Uganda anadzatsegula njira. Ankalozera dala pa mapu, chala chili pa ife, n'kunena kuti, "Inunso mungathe." Anzanga ankaseka. Ine ndinazitengera pamtima.

Ndinasankha kukhala woponya. Kuseri kwa nyumba kunali mlambe waukulu, ndipo ndinajambulapo bwalo ndi khala. Ndikaweruka, ndikamwetsa mbuzi, ndinali pa mlambe ndi mpira wa mapepala woika mwala m'kati, mpaka phewa kuwawa. Msuweni wanga ankakhala pa muzu akubudula bwemba.

"Asuweni, mtengowu wakulakwirani chiyani?"

Iye ku masewerawo ankangopitira phwando. Kuchedwa ndiye, kuseka pakati pa bwalo ndiye, golovesi ankaivala pamutu ngati chipewa.

Kenaka kunamveka kuti akusonkhanitsa timu ya ana yokasewera ndi ana a mayiko ena a mu Africa muno, ndipo ulendo wake unali wa pa ndege. Sukulu yathu anaipatsa malo amodzi, a woponya. Aliyense ankadziwa kuti ndi anga. Ngakhale amayi anali atayamba kufunsa kuti kumeneko kumazizira bwanji.

Tsiku losankha ndinaponya bwino, sindinama. Mipira yanga inkalowa m'golovesi ya wowakha n'kulira kuti phaa! Msuweni wanga anaponya yake yopindapinda, ina n'kusochera. Koma anyamata ogwira ndodo, amene yanga ankaimenya apo ndi apo, pa yake ankangomenya mphepo.

Mphunzitsi uja anatiitana tonse awiri. Anati ine ndine wakhama, ndipo palibe wondiposa mphamvu. Koma oponya ndi lamanja timu ili nawo kale ambiri. Wamanzere ndiye wosowa: mpira wake umachokera mbali imene omenya sanaizolowere. Amene akumufuna ndi msuweni wanga.

Ndinamudula mawu.

"Aphunzitsi, inenso ndine wamanzere! Ndinabadwa choncho!"

Anandiyang'ana modabwa n'kundipatsa mpira. Ndinavula golovesi, ndinaugwira ndi manzere, dzanja limene kale linkagwetsa mango a kunsonga ndi mwala umodzi. Linali ngati la munthu wina. Mpira unagwera pakati pa njira n'kugubuduzika mpaka pamene panali mbuzi za ahedi. Bwalo lonse linafa ndi phwete.

Msuweni wanga anapita. Masiku amenewo ndinkachita kupemphera kuti agonje, ndipo anagonjadi masewero onse. Nditamva ndinadya bwino tsiku limenelo. Ndinakonzeratu ndi mawu omulandira nawo.

Koma atatsika minibasi pa msewu, palibe amene anafunsa za kugonjako. Mudzi wonse unabwera kudzaona mwana wokwera ndege, atavala chipewa chofiira ndi jekete ya zipi. Anthu anadzaza pakhonde pathu. Iye anatsegula chikwama n'kutulutsa mpango wa kumutu wonyezimira, mphatso ya amayi. Anaupereka ndi manzere, osagwada n'komwe, pamaso pa akuluakulu onse.

Ndinati lero lokha mthiko utuluka.

Amayi anaulandira ndi manja awiri n'kululutira. Kenaka anagwira dzanja lomwelo, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione.

"Taonani, anthuni! Dzanja ili ndi limene lakwera ndege!"

"Amayi," ndinatero, "nanga langa lija?"

"Iyayi, iwe usatisokoneze," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Katenge mpando, msuweni wako watopa."

Ndinapita kukatenga mpandowo. Ndinaunyamula ndi dzanja limodzi, ndipo nditauika pansi m'pamene ndinazindikira kuti linalo lili kumbuyo, pamalo pamene ankalimangirira paja, chonsecho panalibe amene analimanga.