Chikho Choyamba cha Sakiusa

Anthu a m'chigwa chathu cha nzimbe, kuno ku Fiji, amati Sakiusa sanathamangepo chibadwire. Ndi bodza, koma bodza lake lili ndi poyambira. Zaka makumi awiri ndi zitatu akutchinga kumbuyo m'timu ya mpira ya m'mudzi mwathu, luso lake linali lokaima pamene mpira udzere n'kuudikira, ngati munthu wodikira basi. Masana ankadula nzimbe, dzuwa likapendeka n'kuvala nsapato zake zosokasoka ndi ulusi wa ukonde. Pabwalo pakamwa sipankatsekeka. "Tulukani! Iwe, bwerera! Musiye ameneyo, alibe mwendo wamanzere!" Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo anyamata ankadziwa kuti Sakiusa akakuwa, ndiye kuti waona kanthu.

Mphunzitsi wa timuyo anali Peniasi, mwana wa azakhali ake a Sakiusa. Anakulira limodzi, anabera limodzi mango, ndipo monga asuweni onse akwathu kuno, moni wawo unali kunyozana.

"Msuweni," ankatero Peniasi, "ndamva kuti dzulo kasitima ka nzimbe kanakupitirira, woyendetsa mpaka kutsika kudzakufunsa ngati wadwala."

"Ine ndimachedwa miyendo, iwe umachedwa mutu," ankayankha Sakiusa. "Zangazi amatikita ndi mafuta a kokonati. Nanga zakozo azitikita pati?"

Peniasi ndi munthu wabwino, ndinene zoona, koma ndi wamantha. Ndipo mantha a munthu wabwino amapweteka kuposa nkhanza za munthu woipa, chifukwa amabwera akumwetulira.

Sakiusa atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zitatu, zinthu zinayamba kuoneka. Tsiku lina wosewera wa timu ya kumapiri anamudutsa katatu, kachitatuko mpaka kucheuka kuti aone ngati akumutsata. Malo oyenera kuima Sakiusa ankawadziwabe, koma ankafikapo mpira utadutsa kale. Panja pa bwalo panali Timoci, wazaka makumi awiri, waliwiro lodabwitsa, amene anatopa ndi kunyamula zigubu za madzi. Mpikisano wa Pasaka unali pafupi. Aliyense ankadziwa choyenera kuchitika, ndipo woyenera kuchinena anali mmodzi yekha.

"Pitani kumunda mukamuuze muli awiri," anatero Mereoni, mkazi wa Peniasi. "Munthu mumatukwanizana naye tsiku ndi tsiku, lero mawu atatu akukukanikani?"

Peniasi anapitadi. Anapeza msuweni wake atawerama m'nzimbe, chikwanje chili m'manja, msana uli mbuu ndi phulusa. Anakamba za mvula. Anakamba za ng'ombe ya mnansi yomwe inalowa m'munda wa koko. Kenako anatsanzika n'kubwerera, mawu aja ali m'thumba.

Apa ndiye anaganiza nzeru yake yoipa ija. Loweruka lililonse akatha kukonzekera, timu inkakhala pa chisakasa cha m'mbali mwa bwalo n'kumamwa kava, chakumwa chathu chamwambo cha mizu yosinja. Kumtunda kwa mkeka kumakhala akuluakulu ndi alendo, osewera amakhala kumunsi, cha kukhomo, ndipo kumeneko Sakiusa anali ndi malo ake chiyambire. Loweruka limenelo Peniasi ananong'oneza wosungunula kava, kenako anakhosomola n'kuyamba kulankhula ngati mlaliki.

"Abale anga, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pakati pathu pali munthu amene tamukhazika kukhomo nthawi yaitali. Lero akwere kuno, azitilangiza."

Anamugwira dzanja Sakiusa n'kumukhazika kumtunda. Chikho choyamba, chigoba cha kokonati chodzaza ndenden, chinadutsa akuluakulu onse n'kukaima pamaso pa Sakiusa. Chikho choyamba sachikana. Ndiponso palibe amene anamwerapo kumtunda kwa mkeka n'kubwereranso kukagubuduzika m'matope ndi ana. Sakiusa anayang'ana chikhocho, anayang'ana msuweni wake, koma Peniasi maso anali pa zala zake zakumapazi. Sakiusa anawomba m'manja kamodzi, analandira, n'kumwa chonse. Anthu anawomba katatu. Umu ndi mmene Sakiusa anachotsedwera m'timu, popanda munthu womuuza kuti wachotsedwa.

Pa Pasaka anabwera ndithu. Sanakhale pampando umene anamuikira pamthunzi. Anakaima kuseri kwa golo, pafupi ndi lole ya nzimbe, atapachika kathumba paphewa. Peniasi anakazindikira kathumbako. Munali nsapato zija. Munthuyo anazinyamula kuchokera kunyumba, mwina poganiza kuti wina avulala, mwina manja anangozolowera. Peniasi anayang'ana kumbali, koma mtima unamuluma tsiku lonse.

Timoci anasewera ngati wamisala. Mipira imene Sakiusa sakanaifikira, iye ankaifikira n'kutsala ndi mpweya. Koma Peniasi anaonanso china. Adani akayamba kubwera, anyamata akumbuyo sankayang'ana kwa mphunzitsi. Ankatchera khutu kuseri kwa golo. "Timoci, usalumphe! Mudikire! Tsopano!" Masewero anayi, masiku awiri, mpaka mawu a Sakiusa anasasa. Pa ndime yomaliza tinapambana ndi chigoli chimodzi kwa duu.

Anthu anamunyamula Peniasi m'mwamba. "Aphunzitsi, munalimba mtima! Mkulu uja akanatimwetsa zitatu!" Aliyense womuyamikira ankangowonjezera mwala m'chifuwa mwake. Analimba mtima liti? Atamutsitsa pansi anayang'ana ku lole kuja, koma kunali mwana wogulitsa chinanazi basi. Sanadziwe ngati anapambana chifukwa chochotsa Sakiusa, kapena chifukwa choti Sakiusa anakana kuchoka. Chimene ankadziwa n'chakuti anachita zoyenera m'njira ya wakuba.

Anatha sabata akuzemba njira ya kumunda. Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anamanga mtolo wa mizu ya kava, monga amachitira munthu wokapepesa, n'kulunjika kwa msuweni wake. Ankayembekeza chipongwe. Kunena zoona ankachilakalaka, ngati wodwala malungo alakalakira madzi.

Sakiusa anatuluka yekha kudzamulandira, atavala malaya oyera.

"Aphunzitsi! Lowani, lowani. Ana inu, yalani mkeka watsopano uja."

"Aphunzitsi a chiyani, iwe?" anatero Peniasi, akuyesa kuseka. "Kamba wa m'nzimbe wayamba liti ulemu?"

"Mwalankhula bwino," anatero Sakiusa. "Khalani kumtunda uko."

Peniasi anakhala, poti m'nyumba ya mwini sasankha malo. Anaika mtolo uja patsogolo n'kunena mawu opepesa. Anati anachita mantha. Anati anabisala kuseri kwa mwambo. Sakiusa anagwira mtolowo ndi manja awiri, anathokoza ndi mawu onse oyenera, n'kunena kuti nkhani yatha. Mtolo wopepesera nawonso saukana.

Kava akusinjidwa panja, Sakiusa analankhula akuyang'ana pakhomo.

"Miyendo yangayi ndimaidziwa, ndimagona nayo. Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira kuti munthu mmodzi amene ali ndi ufulu wonditukwana andiuze kuti, 'Nkhalamba iwe, khala pansi.' Ndikanamutukwana nanenso, tikanaseka, yunifolomu n'kuipereka kwa Timoci ndi manja anga. Munthu ameneyo sanabwere. Kunabwera aphunzitsi ndi chikho."

"Ndabwera lero, msuweni."

"Mwachita bwino. Ndipo timu munaisankha bwino, musadandaule."

Mbale yaikulu yamtengo italowa, Sakiusa anasungunula yekha. Anatunga, ananyamuka pang'onopang'ono maondo akulira, n'kudzagwada pamaso pa Peniasi ndi chikho choyamba. Peniasi anamuyang'ana kumaso, kufunafuna kakumwetulira kachipongwe kaja kamene anakulira nako. Anangopezapo ulemu.

Anawomba m'manja kamodzi, analandira, n'kumwa. Anakhala kumtunda kwa mkekawo mpaka dzuwa kupendeka, akudikira kuti wina amunyoze, koma aliyense m'nyumbamo anamulemekeza.