Ndinayang'ana Kumbali Mkamwana Wanga Akuvulidwa

Inu owerenga, ine ndimaima kutsogolo kwa mpingo Lamulungu n'kumaphunzitsa anzanga za chikondi. Koma tsiku limene chikondicho chinafunika pa depoti ya ku Mzimba, ndinayang'ana kumbali. Ndikulemba mtima ukuwira, ndipo mkwiyo waukulu uli pa ine ndemwe.

Kwathu ndi kufupi ndi Champhira. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, monga ana ambiri a kuno, ndipo mkazi wake, NyaTembo, anatsala pamudzi pathu. Mwambo wathu ndi wakuti mkamwana ndi bambo a mwamuna wake sayang'anana m'maso, sakhalanso pamphasa imodzi. Akafuna kundiuza kanthu, ankadzera kwa mkazi wanga. Zaka zinayi zonse, mawu amene ndinkamva kwa iye anali akuti "Yewo, adada," atagwada chapatali.

Tsiku lina tonse tinali ndi ulendo wa ku boma, iye kukatenga chitupa cha unzika, ine ku msonkhano wa akulu a mpingo. Tinakwera galimoto imodzi, ine kutsogolo, iye kumbuyo. Titatsika, anatsalira dala m'mbuyo mwanga, monga mwa ulemu, moti aliyense akanayesa kuti ali yekha.

Ndinangomva mluzu ndi phwete. Nditacheuka, anyamata oitanira minibasi anali atamuzinga. Wina anamugwira dzanja, wina akusisita jekete imene mwamuna wake anamutumizira.

"Ya ku Joni iyi! Sisi, mwiniwake sabweranso, mbwenu ise tilipo!"

Iye anayesa kudziphwatula. Pamenepo wina anakoka chitenje chake mpaka chinagwa m'fumbi, n'kumumenya kumbuyo ndi chikhatho. Amuna akuluakulu, ena a imvi ngati ine, ankangoseka. Dzuwa lili pamutu, anthu ali piringupiringu!

NyaTembo anandiyang'ana. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso. Sanandiitane, poti mwambo sumulola. Ndipo ine, Baibulo lili m'khwapa, ndinadziuza kuti si bwino mpongozi kuona mkamwana wake chitenje chitagwa. Ndinatembenuka n'kumayang'ana matimati a pa benchi ngati ndikufuna kugula. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa pakamwa pa anyamatawo, kuti angandinyoze nditavala tayi. Ndinabisala kuseri kwa mwambo monga munthu woyamba uja anabisala m'mitengo ya m'munda.

Amene anamulanditsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi, wosamudziwa n'komwe. Anadzuka, n'kukankha mnyamata mmodzi ndi lichero.

"Anakubereka ndi mwala iwe? Ulibe mlongo?"

Anatola chitenjecho, n'kuchikutumula, n'kumumangira. Kangati ndalalikira za wansembe amene analambalala munthu wovulazidwa panjira? Sindinkadziwa kuti ndikudzilalikira ndekha.

Tchimo langa silinathere pomwepo. Titafika kunyumba, ndinatuma mkazi wanga kukamuuza kuti azisamala kavalidwe akamapita ku tauni. Inu owerenga, mwanayo anavala siketi yofika m'mapazi, chitenje pamwamba, duku kumutu. Akanavalanso chiyani, thumba la feteleza? Ndinkafuna kuti mlandu ukhale pa iye kuti wanga upepuke.

NyaTembo anasiya kuimba kwaya, anasiya kupita ku msika wa pa Champhira. Patatha masabata atatu ananyamula katundu wake kupita kwa makolo ake ku Euthini. Mwana wanga anaimba foni kuchokera ku Joni akulira, kundifunsa ngati n'zoona kuti ndinalipo. Ndinavomera.

Ndinapita ku Euthini ndi thenga, munthu wotiyankhulira pa nkhani za banja. Thengayo asanamalize malonje, NyaTembo anayankhula, osati kwa iye, koma kwa ine.

"Adada, anyamata aja sakundidziwa. Koma inu ng'ombe munapereka, n'kuuza makolo anga kuti ndine mwana wanu. Munandiona, adada. Ndinaona kuti mwandiona."

Ndinachoka pampando n'kugwada pansi, ine mpongozi, anthu akuona. Anati wandikhululukira chifukwa cha Mulungu, koma pamudzi pamene palibe womuimira sangabwererepo mwamuna wake asanabwere. Mpaka lero onse awiri sanabwere.

Inu anyamata a m'madepoti ndi m'misika, thupi la mkazi si nthochi yapamsika yoti aliyense aziitofinya. Mudzayankha kwa amene analiumba. Inu apolisi ndi eni minibasi, zimenezi zimachitika masana, mumaziona. Koma makamaka inu abambo anzanga a tayi ndi Baibulo, amene simugwira munthu koma mumangokhala chete: kukhala chete kwathuko ndiye chilolezo chawo. Mukaona mkazi wazingidwa, kaya mukumudziwa kaya ayi, pitani mukaime pambali pake, mukweze mawu. Akakunyozani, manyazi ake atha tsiku lomwelo. Anga ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse, ndikaona loko pachitseko cha nyumba ya mwana wanga.