Ajaji ndi Wilibala ya Mayi Jacinta

Ku Kawale aliyense amangowatchula kuti Ajaji. Saweruza milandu ya akuba ayi, amamva madandaulo a anthu amene akukangana ndi maofesi a boma pa nkhani za mapuloti ndi ziphaso. M'mawa uliwonse amasesa okha pakhomo, taye ili kale m'khosi. Ukawayamba za mlandu panjira, amangoti, "Izo n'za kuofesi, tiyeni tikambe za mvula."

Chaka chatha Mayi Jacinta, oyandikana nawo nyumba, analandidwa chiphaso cha okala yawo, ati inalowa mumsewu. Atamva kuti dandaulo lawo akalimva ndi Ajaji, mtima unakhala pansi. Si Ajaji omwewa amabwereka wilibala yawo?

Tsiku lomva dandaulolo Ajaji anayang'ana pepala, n'kuyang'ana mayiwo, n'kuvula magalasi.

"Mayi awa timamwa madzi a pampopi umodzi. Nkhaniyi aimve anzanga."

Mayi Jacinta anabwerera kunyumba atapsa mtima. Wilibala yawo anakaitenga, ndipo mwezi wathunthu sanawapatse moni.

Woweruza wina anakayeza malowo, nagamula kuti okala ili pamalo pake. Potuluka, Mayi Jacinta anamva wa kuofesi imene inawalanda chiphaso ija akudandaulira mnzake: "Akanaweruza aneba awo aja, tikanachita apilo mawa lomwe. Apa tigwira pati?"

Masana omwewo Mayi Jacinta anakankha wilibala mpaka pakhomo pa Ajaji.

"Mwabwera ndi za kuofesi?" anafunsa Ajaji, tsache lili m'manja.

"Ayi, bambo," anayankha akugwada. "Ndabwera tidzakambe za mvula."