Tsiku Lomwe Ndinayankhula Pamaso pa Apongozi

Lachiwiri, 5 koloko m'mawa, tinanyamuka kwathu kufupi ndi Guilleme pa makabaza awiri: apongozi anga aamuna kutsogolo, ine m'mbuyo, Tadala kumsana. Amuna anga ali ku Joni, apongozi aakazi anatisiya, ndiye woperekeza ku chipatala ndinali ine.

Chaka chatha apongozi aamunawa anawawotcha khansa ya pulositeti ndi makina ku Lusaka. Khansayo inagona, koma mkodzo unayamba kutuluka ndi magazi. Sanauze munthu. Ndinadziwa chifukwa chitini cha usiku ndimataya ndine.

Pa Kamwendo kondakitala anatipanikiza mpando umodzi.

"Sunthani mayi, amuna anuwa sakulumani!"

"Ndi apongozi," ndinanong'ona.

Minibasi yonse inaseka. Zaka zinayi chikwatiwire ndinali ndisanakhalepo nawo pafupi chonchi. Pa Namitete ndinagula mandasi ndi madzi. Mandasi analandira, madzi anakana, kuopa kuimitsa galimoto.

Ku Lilongwe tinalowa kwa dokotala dzuwa lili pamutu.

"Vuto n'chiyani, bambo?"

"M'mimbamu basi. Mwina mphepo."

Dokotala anayamba kulemba. Ndinaona kuti tibwerera ndi mankhwala a m'mimba, magazi akupitirira. Kwathu mkamwana satchula zotere, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Adokotala, akukodza magazi. Masabata atatu tsopano. Nthawi zina amatuluka oundana."

Apongozi anayang'ana nsapato zawo. Dokotala anaika cholembera pansi.

Atawayeza, anati kuwotcha kuja kunavulaza mitsempha ya m'chikhodzodzo. Anawapatsa mankhwala, n'kunena kuti akapanda kuthandiza pali njira ina kunja kwa dziko: wodwala amakhala m'chipinda chachitsulo chotseka, akupuma okosijeni wopanikizidwa, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, mpaka mabala a m'kati atapola.

"Ngati tayala la njinga?" anafunsa apongozi.

"Pang'ono," anaseka dokotala, akulemba kalata yoti tikaonane ndi katswiri. "Mayiwa akanakhala chete, sindikanadziwa."

Pobwerera sanandiyankhule. Ndinkaganiza kuti ndawachotsa ulemu. Tikutsika pa Kamwendo, anandipatsa kalata ija osandiyang'ana.

"Sungani ndinu, mayi a Tadala. Ulendo winawo mukanenenso."

Ine amene ndinalekeza Sitandade 5 chifukwa choopa kuyankha m'kalasi!

M'mawa mwake ndinatenga chitini chija, ndinayang'anitsitsa mtundu wake ndisanataye, n'kulemba ndi pensulo kuseri kwa kalendala: "Lachitatu, ofiira pang'ono."